Tipini Yanga ndi Foni ya Amake Tisa

Lolemba

A mlembi wa kopaletivi yathu kuno ku Pembamoyo alengeza: ofuna fetereza wa ngongole chaka chino atsegule akaunti ku banki, ndipo banki ikufuna tipini, nambala ija ya msonkho. Mayina adzapita Lachisanu madzulo. Wopanda tipini aiwale za fetereza.

Tipini ndili nayo. Amake Tisa anandilembetsa ku boma kalekale. Koma manambala ake sindiwadziwa. Zinthu zotere ankasunga ndi iwo. Chimwalirireni nthawi yokolola ija, ndikuzindikira kuti ine ndinkangodziwa khasu basi.

Mawa ndifufuza. Si nkhani yaikulu.

Lachiwiri

Ndakhuthula sutikesi, dengu la pansi pa bedi ndi chitini cha mabisiketi. Ndapeza:

makadi a sikelo a ana onse, ngakhale la Tisa amene ali ndi ana akeake ku Chipata
mabatani, ambirimbiri
sizasi imene ndinawanena kuti anabwereketsa
korona wawo wopempherera, woduka
mbewu ya mtedza m'chigubu, yosankhidwa bwino

Tipini palibe. Ndabwezera zonse, koma sutikesi ikukana kutseka. Iwo ankaitseka bwanji?

Lachitatu

Pa njinga mpaka ku boma. Dzuwa lake! Mayi wa pa shopu ya makompyuta pafupi ndi msika akuti: "Musadandaule bambo, izi n'zophweka. Bweretsani reji." Walemba nambala ya rejiyo, chitupa changa cha unzika. "Tsopano akutumizirani manambala achinsinsi pa foni. Mundiwerengere."

Tikudikira. Foni yanga ili zii. Ndaikweza m'mwamba. Ndatuluka nayo panja. Zii.

Wayang'ananso pa kompyuta. "Bambo, foni yolembedwa apa si yanu." Wandiwerengera manambala otsiriza. Ndi ya amake Tisa. Nthawi imene tinkalembetsa, foni m'nyumba inali imodzi, yawo.

Kusintha akuti n'ku ofesi ya ku Chipata, ndipo sizitha tsiku limodzi. Ndagula mchere n'kubwerera.

Lachinayi

Ku Mlolo, kwa alamu anga a Esinati, akulu awo a malemu. Ndiwo anagawa katundu maliro atatha. Tayala laphulika panjira, ndakankha njinga mpaka pakhomo.

Moni wautali. Thobwa. Matenda a mbuzi. Kenako ndafunsa za foni.

"Alamu, foni ija? Ndinaiika m'bokosi, chakumutu. Munthu uja ankasiyana nayo? Akanatisowetsa tulo."

Sindinadziwe. Tsiku lija sindinkaona kalikonse.

"Nanga mufuna tikafukule chifukwa cha fetereza?" Aseka, kenako ayamba kulira. Ine ndayang'ana nkhuku.

Ndiye kuti dzulo boma latumiza uthenga kumanda!

Lachisanu

Ku boma kachiwiri, sindikukhazikika. Mayi uja akuti nambala ikakhalitsa osagwira ntchito, kampani imaigulitsa kwa wina. "Tayesani kuimba."

Sindinaimbepo chimwalirireni. Ndaimba. Ikuitana! Pang'onong'ono ndikanaiponya pansi.

Wayankha mwamuna wa mawu aakulu, akuti ali ku Kitwe, kumbuyo kukulira makina ocheka matabwa. Ndafotokoza mwaulemu: mkazi wanga, bokosi, fetereza. Ndapempha kuti angondiwerengera manambala amene analandira.

"Iwe kawalala! Mailo unali wa ku banki, lelo mukazi wako wafa? Pini sinipatsa muntu!"

Wadula, wandiyesa wakuba wa pa foni. Kunena zoona, sakulakwa. Pa wailesi amatichenjeza zomwezo, ndipo ine ndimavomera ndi mutu.

Ndaimbanso. Wanditsekera. Madzulo mayina apita.

Loweruka

A mlembi akuti: "Pepani akulu, tidzaona chaka chamawa."

Nkhani yafika m'mudzi isanafike njinga yanga. Akuti ndinaimbira malemu, iwo n'kuyankha ndi mawu a mwamuna, n'kundikalipira. Amayi a mphakati wathu wa ku tchalitchi abwera kudzandipempherera, ndi madzi odalitsa. Awaza nyumba, njinga, ndi foni yomwe. Ndaiyanika pa denga la khola.

Tisa waimba itauma: "Adada, bwanji osandiuza? Bwerani sabata yamawa tikakonze ku ofesi." Ndavomera. Tipini idzapezeka, fetereza atagawana kale.

Lamulungu

Ku tchalitchi anthu andisiyira benchi lonse.

Pobwera ndatsegula chigubu chija. Mtedza uli bwino, sunafumbwe. Sufuna fetereza, sufuna tipini. Chaka ndi chaka ankandiuza kuti munda wa kumtunda ndi wa mtedza, ine n'kumakakamira chimanga. Chabwino, apambana.

M'foni nambala ija idakalembedwa kuti "Amake Tisa". Ndimati ndiifufute. Ndi ya bambo wa ku Kitwe tsopano, ndikudziwa.

Ndaisiya. Mvula ikagwa ndidzala mtedza.