Khola la Nkhuku Lokhala ndi Bafa

Mwati mukasaina mapepala oteteza munda wanu Lachinayi? Kasaineni, ndi chinthu chabwino, ine sindingakuletseni. Koma inu, tasunthani pang'ono ndikhale, ng'ombe zanga sizilowa mumsika mpaka masana. Tamverani kaye zimene ndinaona ine Merle Hostetter, munthu amene muno m'chigawo cha Lancaster ankadziwika kuti ndi wochenjera, makamaka kwa iye mwini.

Mukukumbukira zaka zija omanga nyumba zogulitsa ankazungulira minda yathu ngati mphamba zaona anapiye. Munda wa malemu Stauffer unasanduka nyumba makumi asanu zofanana, moti eni ake amalowa kwa aneba asakudziwa. Ndiye boma la chigawo chathu linati, tikupatsani ndalama, munda ukhalabe wanu, limani, wetani, siyirani ana, koma ufulu womangapo nyumba mwatigulitsa, ndipo sudzabwereranso kwa inu kapena kwa wina aliyense wodzagula mundawo. Mukavomera amakukhomerani chikwangwani chobiriwira kumsewu.

Nthaka ija ndimaikonda, agogo anga anazulamo miyala ndi manja, sindinkafuna kudzaiona itathiridwa phula. Koma ndisanamize Mulungu, chimene chinandithamangitsira ku ofesi ndi chikwangwani cha neba wanga Harlan Groff, amene takhala tikupikisana kuyambira tili kusukulu. Chake chinalembedwa maekala 101. Munda wanga, mukawerenga ndi dambo lomwe ndi kamtunda ka minga, ndi maekala 102.

Tsiku losaina, bambo wa mu ofesi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo Hostetter, anzanu ambiri amapatulako ekala imodzi kapena ziwiri, mwina mawa wina angafune pomanga. Komanso malamulo amalola nyumba imodzi yowonjezera, pokhapokha inu mutaukana ufuluwo."

Mkazi wanga Arlene ananditsina pantchafu. Ine ndinali nditawerengera kale kuti kupatula maekala awiri ndiye kuti nditsala ndi 100, Harlan n'kukhala pamwamba panga mpaka tsiku la chiweruzo.

"Lembani onse," ndinatero. "Ndipo ufulu wa nyumba inawo fufutani. Harlan anausunga chifukwa ndi wamantha."

"Mukudziwa kuti zimenezi n'zamuyaya?"

"Bambo, ine ndinakwatira kutchalitchi, zamuyaya ndimazidziwa."

Arlene anatsinanso, ulendo uno mopotokola. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma poti iye anatsina pantchafu, ine sindinamve. Ndinasaina, chikwangwani chinakhomedwa, ndipo kwa mwezi wathunthu ndinkachipukuta ndi nsanza nthawi imene Harlan amadutsa.

Patapita zaka zitatu kunatulukira alamu anga a Dwight, achimwene ake a Arlene, atanyamula masutikesi awiri ndi lipenga. Anagulitsa nsapato m'tauni zaka makumi atatu, sitolo itatsekedwa akazi awo nawo anatseka chitseko. Anati angokhala nafe sabata ziwiri, mtima ukhazikike. Mlendo ndi mame, ndinadziuza, sachedwa kukamuka. Inu, mame amenewa anatha zaka ziwiri ali chinyowere pampando wanga wapawindo.

Si munthu woipa ayi, n'chifukwa chake zinkapweteka kwambiri. Woipa umamuthamangitsa. Awa ankakutsegulira chitseko cha nyumba yako yomwe n'kukuuza kuti takulandirani. Chitumbuwa cha maapulo chikatuluka mu uvuni, ine pochokera kokama ndinkapeza mbale yotsukatsuka. Lipenga ankaliza katatu patsiku, nyimbo yake imodzimodziyo. Ndiye malangizo!

"Alamu, ng'ombe izi mukuzifikira mwaukali. Ng'ombe ili ngati kasitomala, uyambe waiyamikira phazi."

"Alamu, munakamapo ng'ombe inu?"

"Ayi, koma zikopa zake ndazigwira moyo wanga wonse."

Ndinafika potopa, ndipo ndinauza Arlene kuti achimwene ake akufunika pawokha. Iye anangoti, "Pawokha pati? Si inu munafufutitsa nyumba ija kuti mupose a Harlan ndi ekala ya minga?"

Ndinatenga mapepala aja n'kuwawerenga koyamba. Nyumba ya munthu, ayi. Koma khola, nkhokwe, mosungira thirakitala, chilichonse cha ulimi, manga mmene ungafunire. Mutu wanga unayaka pomwepo. Kuseri kwa khola la ng'ombe ndinayamba kumanga khola la nkhuku, ndekha, kuopa kulipira amisiri ndi pakamwa pawo. Ndinaikamo mawindo awiri, chitofu, bedi, kabati ya zovala ndi bafa logula kwa anthu osamuka.

Arlene anabwera kudzaona atapinda manja.

"Bambo, khola la nkhuku lokhala ndi makatani?"

"Nkhuku za masiku ano n'zamanyazi."

"Nanga bafalo?"

"Ukhondo, mayi. Matenda a nkhuku achuluka."

A Dwight anasamukiramo akuimba mluzu, ndipo kwa miyezi inayi ndinalawa moyo. Mpando wanga unandibwerera, chitumbuwa ndinkachipeza chikadali chofunda, lipenga linkamveka chapatali moti mwina n'kumakoma. Ndinanenepa, anthu kutchalitchi n'kumandifunsa ngati ndasintha dokotala.

Kenako inafika kalata. Paja minda yotetezedwa amaiyendera chaka ndi chaka, ndipo amakudziwitsa kukadali masiku khumi. Woyendera watsopano kudera lathu, Mayi Lorraine Ziegler, mbiri yake inali itatifika kale, kuti amayenda malire onse wapansi ndipo amatsegula chitseko chilichonse. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti khola langa la nkhuku linali ndi zonse kupatula nkhuku.

Harlan ali ndi nkhuku zikwizikwi, akanatha kundibwereka. Koma ine ndikagwade kwa Harlan? Ndinabwera pamsika pompano, n'kudikira mpaka kumapeto pamene mitengo imagwa, ndipo ndinagula bokosi la nkhuku lotseka pamtengo wa bulu wakufa. Wogulitsayo anathokoza n'kuthawa. Nditafika kunyumba n'kutsegula, munatuluka atambala khumi ndi anayi, popanda thadzi ngakhale limodzi. Arlene anaseka mpaka anakhala pansi paudzu.

Sindinagonje. Ndinakagula mazira kusitolo n'kuwasunga mufiriji. M'mawa wa tsikulo bedi ndinalifunditsa lona n'kusanjikapo mitolo ya udzu, m'bafa ndinathiramo chimanga, m'madirowa a kabati ndinayalamo udzu n'kuikamo mazira atatuatatu. A Dwight ndinawapatsa makiyi a galimoto.

"Alamu, pitani m'tauni, kadyeni chimene mukufuna, musabwere dzuwa lisanalowe."

"Alamu, mwayamba kundikonda liti chonchi?"

"Lero lokha. Nyamukani."

Atambala aja nditawatsekera m'kholamo munayamba nkhondo. Wina anadziona pagalasi n'kuyamba kumenyana ndi mdani amene sankatopa. Awiri anakwera pamtengo wa makatani n'kuugwetsa. Pofika nthawi imene Mayi Ziegler ankaimika galimoto, khola lonse linkalira ngati kwacha kakhumi ndi kanayi.

Anali mayi wamfupi, wa imvi zometa bwino, nsapato zazitali za m'matope, pepala ndi cholembera m'manja. Tinayenda malire onse, anayamikira chimanga, anayamikira udzu umene ndinasiya m'mbali mwa mtsinje, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina khola aliiwala. Tikubwerera anaima.

"Nyumba iyi pamapepala a chaka chatha palibe."

"Khola la nkhuku, mayi. Ndayamba za mazira."

Analowa. Anayang'ana makatani ali pansi, anayang'ana chitofu, anayang'ana atambala mmodzimmodzi ngati akuwaitana mayina. Kenako anakoka dirowa, n'kutola dzira, n'kuligwira pachikhatho nthawi yaitali.

"Bambo Hostetter, tambala wake uti amene waikira dzira lozizira chonchi?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za mtundu watsopano wochokera kumayiko ozizira, chitseko n'kutseguka. Anali a Dwight, ataiwala magalasi awo.

"Alamu, ndani wathira chimanga m'bafa langa? Nanga bedi langa lalakwa chiyani?"

Inu, pali nthawi zina munthu umalakalaka nthaka itang'ambika, koma yanga ndi yotetezedwa, siing'ambika popanda chilolezo. Ndinangoima chilili, tambala wina akundijompha chingwe cha nsapato. A Dwight, osadziwa n'komwe kuti andipha, maso awo anali atatsikira kale kumapazi a mlendo.

"Pepani mayi, nsapato yakumanzereyo ikukupanani chala chaching'ono."

Mayi Ziegler anatsitsa pepala lija. "Mwadziwa bwanji?"

"Mukuponda ngati mukupepesa pansi. Mundisiyire masiku awiri, ndiifutukula."

Chigamulo anandipatsa panja, mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandichititsa manyazi kwambiri.

"Bambo Hostetter, ine ndilibe chifukwa ndi alamu anu. Koma ndikakulolani inu, mawa a Groff amanga makola asanu a mabafa, ndipo pakutha zaka khumi chigwa chonsechi chidzadzaza nkhuku zoyendetsa magalimoto. Munasaina nokha. Ndikupatsani masiku makumi atatu, muchotse bedi, chitofu ndi bafa, muikemo nkhuku zenizeni. Apo ayi tikakumana kukhoti, ndipo mudzaligwetsa ndi manja anu omwewo."

Madzulo ake a Dwight anali atabwerera pampando wanga wapawindo, lipenga pamiyendo. M'mawa mwake kunabwera Harlan ndi mathadzi makumi awiri, akuti mphatso.

"Aneba, ndamva kuti atambala anu akuikira mazira a mufiriji. Mundisungireko mbewu."

Ndinalandira mathadziwo, nanga n'kutani. Mpaka lero amaikira bwino, zomwe zimandipsetsa mtima.

Tsiku la makumi atatu Mayi Ziegler anabwera, anaona khola, anasaina, n'kuwasiyira a Dwight nsapato ija. Loweruka anabweranso, opanda pepala, akuti kudzatenga nsapato. Loweruka linalo anabwera ndi nsapato zina. Nditasuzumira pawindo ndinawaona atakhala pakhonde, a Dwight akuliza nyimbo yawo imodzi ija, mayiwo atatseka maso ngati akumva angelo. Ndinafufuza mwakachetechete ndipo ndinamva kuti amuna awo anamwalira, ana anakula, ali ndi nyumba yawoyawo m'tauni ya zipinda zitatu. Inu, mtima wanga unavina!

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka nkhoswe. Ine amene ndimawongola misomali yakale kuti ndisagule ina, ndinawagulira a Dwight jekete. Galimoto ndinkawapatsa yodzaza mafuta. Mayi Ziegler akandifunsa za khalidwe lawo ndinkalumbira kuti munthu wakhama chotere sindinamuonepo, kuti ng'ombe zimawalira akachoka. Arlene ankangondiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Bambo, chiwembu chanu chomaliza chinathera m'chimanga cha m'bafa."

"Ichi n'china, mayi. Ichi n'chikondi."

Ukwati unachitikira pabwalo pathu m'chilimwe. Atambala khumi ndi anayi aja anapezekapo onse, m'mbale, olimba ngati malamba. Ine ndinali nditawapakirira kale alamu masutikesi awo, lipenga ndinalikulunga ndekha ndi bulangeti kuti lisaphwanyike panjira. Anthu atakhuta, mkwatibwi anaimirira n'kugogoda tambula ndi supuni.

"Abale, ntchito ndapuma sabata yatha. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuteteza minda ya anthu, ine n'kumadzuka moyang'anana ndi poimika magalimoto. Ndiye nyumba ya m'tauni ija ndagulitsa. Arlene wati chipinda cham'mwamba n'chachikulu, tikwanamo awiri. Ndapeza mwamuna, ndapezanso munda umene palibe adzamangepo kutsogolo kwa windo langa, ndipo pa zonsezi ndikuthokoza achimwene anga atsopano, a Merle."

Anthu anaomba m'manja. Harlan anaomba mpaka chipewa chinagwa. Ndinayang'ana Arlene, iye n'kukhala wotanganidwa kwambiri ndi fupa la tambala.

Ndiye tilipo anayi. Mpando wapawindo amasinthana awiri, chitumbuwa sindichionanso ngakhale mbale yake. Mayi aja ntchito anapuma koma maso sanapume, m'mawa uliwonse amayenda malire onse, nsapato zosapana, ndipo pa kadzutsa ndimalandira lipoti.

Sabata yatha ndinati ndipezeko pothawira. Ndinanyamula kampando kopinda n'kukakhala m'khola muja, pakati pa mathadzi a Harlan. Munali bata, kadzuwa kakulowa pawindo, ndipo maso anayamba kulemera. Ndisanapite patali ndinamva kugogoda. Anali mayi aja, atasuzumira pakhomo, akumwetulira mwachibale.

"Achimwene, kukhala pansi n'kololedwa, imeneyo ndi ntchito ya ulimi. Koma mukangoyamba mkonono, yasanduka nyumba."