Mawu okanira mowa wa abwana

Lolemba
Tsiku la 16 osalawa ngakhale dontho. Amake Chisomo anenetsa pa foni: ndikangomwanso, Disembala sabwera kuno, akhala ku Dedza konko. Vuto ndi ili: Lachisanu kuli braai, phwando lootcha nyama la kuntchito, ndipo mowa abwana amagawa okha, pamanja. Wamkulu akakupatsa chinthu umakana bwanji? Pakufunika Chingerezi chaulemu. Ndayamba kutolera.

Lachiwiri
Papepala la katoni ndalemba zimene wandipatsa Thabo woyendetsa forklift, kagalimoto konyamulira katundu kuntchito:
1. I'm on the wagon
2. I'm teetotal
3. I've gone dry
Azungu inu! Kusiya mowa kokhaku mayina mbwee. Kwathu timangoti "anasiya," anthu n'kuyamba kudikira.

Lachitatu
Ndikuyeserera chokweza mu taxi yobwerera ku Dunoon, komwe ndimakhala. Nambala 1 ikutuluka bwino zedi, mpaka mayi wina akutembenuka: "Shame, since when? What happened?" Mayankho ake sindinalembe. Ndaifufuta.

Lachinayi
Thabo akuti teetotal ndi munthu wosaukhudza n'komwe, ndipo amene anandinyamula pa braai yapita ija ndi iyeyo. Nambala 2 yapita. Ndafunsa a Yusufu a ku Mangochi, Msilamu, zaka zisanu ndi zinayi pakampani pano. Iwo amati chiyani? "No, thanks." Basi?! Osapepesa, osafotokoza. Bambo amenewa ndimawasirira.

Lachisanu
Abwana akubwera ndi mabotolo. Nambala 3 ili kale pa lilime. Manja anga, osandifunsa, alandira botolo, onse awiri, bondo n'kupinda pang'ono ngati ndili kwa apongozi. Pakamwa patuluka "Thank you, sir." Lozizira, lotsegula kale. Fungo lija, mayo! Ndikuliwuza dzanja litsike, silikumva. A Yusufu, munthu wosakhudza ngakhale botolo lopanda kanthu, akulichotsa m'manja mwanga, akuliika patebulo, akundigwiritsa jusi wawo. "This one is with me, boss." Abwana: "Sharp." Adutsa.

Loweruka
Ndapita kwa a Yusufu kudera la Joe Slovo kukathokoza, mawu onse ndakonzeratu. Akuti, "M'manja ndinasamba, zinatha. Tiyi mumwa?" Katoni ija ndatsekera pansi pa chitseko polowera mphepo.

Lamulungu
Tsiku la 22. Pa mawu atatu aja palibe lomwe lagwira ntchito. Ndavomereza, kukana ine sindimatha. Braai ikubwerayi ndikaima pambali pa a Yusufu, manja onse awiri ali pa jusi, asapeze polandirira. Amake Chisomo akufunsa ngati kuno Disembala kumafunika juzi.