Tsiku limene ndinasankha mabuku ngati tomato

Linali Lachitatu, cha m'ma 10 koloko m'mawa, sabata yanga yoyamba pa ntchito yosesa mulaibulale ya pasukulu kwathu ku Kanakantapa. Mpaka lero ndikakumbukira ndimabisa nkhope m'chitenje.

Ba Tembo, mphunzitsi woyang'anira mabukuwo, ankapita ku msonkhano. "Amake Daliso, mupukute mashelefu, muikenso bwino mabuku." Ndinangoti, "Ee, ba ticha." (Munthu wovala tayi ine sindimufunsa funso, bola njoka.)

Kuika bwino ndimakudziwa, ndinakulira m'dimba. Ndinatsitsa mabuku onse n'kuwasankha ngati tomato wopita kumsika: akuluakulu pamwamba, ang'onoang'ono pansi, ong'ambika m'katoni. Kenako ndinaona timapepala ta manambala tomatidwa pamsana pa buku lililonse. Ndinati iyi ndi mitengo ya kusitolo, anthu ophunzira aiwala bwanji kuchotsa? Ndinamatula tonse. Daliso wanga, wa zaka ziwiri, ankalira, ndiye ndinkamupatsa kuti azisewera nato.

Ba Tembo atabwera anauma pakhomo.

"Mayo! Manambala ali kuti?"

"Mitengo ija? Nachotsa, ba ticha."

"Si mitengo! Nambala ija ni adiresi ya buku. Ndiye ili pa makhadi mu bokosi umu, ndiye ili mu kompyuta. Manje munthu akafuna buku ya mbuzi nizamuuza chani? Ati sakilani pa ya saizi ya pakati?"

Pamenepo Daliso anatulukira pansi pa tebulo atadzimata timapepala tija thupi lonse. Ba Tembo anavala magalasi, n'kuwerama kumuwerenga. "Pamphumi ziweto. Pamimba zachipembedzo. Kumatako masamu."

Anandiuza kuti ntchito ndikhala nayo pokhapokha timapepala tonse titabwerera. Mwamwayi nambala iliyonse inalembedwanso ndi pensulo m'kati mwa buku lake. Tinayamba kumatula mwana, kumata mabuku, mpaka dzuwa kupendeka. Kanasowa kamodzi, ka buku la mbuzi lomwelo. Daliso anatiyasamulira kukamwa kutionetsa kuti wakameza kale.

M'mawa mwake ndinakapeza m'thewera. Ndinakatsuka ndi sopo, kukayanika padzuwa, n'kupita nako m'bokosi la machesi. Nditafotokoza kumene kachokera, ba Tembo anabwerera m'mbuyo manja ali kumsana.

"Nalemba kale kenangu, amake Daliso. Ako kasungeni ku nyumba. Tengani tsache."

Ndinatenga tsache n'kuyamba kusesa. Mabuku sindiwakhudzanso, ngakhale kunena zoona, shelefu yanga inkaoneka bwino kuposa yawo.