Tsiku limene ndinatsitsa mbendera ya pulosesa

Nkhaniyi sindinkafuna kuiulula, koma anzanga a ku koleji amaifotokoza mothira mchere wambiri, ndiye bola muimve kwa ine mwini wake.

Ndinali m'chaka chomaliza cha maphunziro auphunzitsi, ndipo ananditumiza kukayeserera ntchito pasekondale ina yoyendera kuseri kwa Nsaru. Ndinkaphunzitsa za makompyuta, ngakhale sukulu yonseyo inali ndi kompyuta imodzi, yomwe inkakhala mu ofesi ya ahedi itafunditsidwa nsalu. Lamulo la koleji linali lakuti mphunzitsi wathu mmodzi adzabwera kamodzi kokha, tsiku losadziwika, kudzandionerera ndikuphunzitsa. Akakhutira, wakhoza. Apo ayi, ubwereza teremu yonse anzako akuvala mikanjo. Mayi anga n'kuti atasoketsa kale chilundu chodzavala tsiku la mikanjolo, atalengezanso kwa amayi anzawo onse a kumpingo.

Lachitatu lina ndinaganiza zophunzitsa a Fomu 4 chinthu chomwe m'silabasi munalibe n'komwe (matama, abale, palibenso china). M'kompyuta muli kachipangizo kogwira ntchito zonse, pulosesa. Kali ndi timbendera take, tizizindikiro tongonena kuti eya kapena ayi: yankho latuluka ziro, nambala yasefukira, ndi zina zotero. Kapitawo wa timbenderati ndi kenelo, mtima wa pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Ndiye pali kambendera kamodzi kamene kakakhala m'mwamba, pulosesa imamva aliyense woiitana, kaya ndi kiyibodi kaya ndi chiyani. Kenelo ikafuna kugwira ntchito yosafuna chisokonezo, imayamba yasunga mmene timbendera tinalili, n'kutsitsa kameneka, pulosesa n'kugontha. Ikamaliza imabwezera zonse mwakale.

Poti m'kalasi kompyuta munalibe, ndinati tichite sewero. Kalasi yonse ikhale pulosesa, ine kenelo. Mbendera inali mpango womangirira kubango, ndipo anainyamula ndi Tiyamike, monitala wa kalasiyo. M'mawa ndinali nditapangana ndi a Mbewe, mphunzitsi wa zaulimi, kuti phunziro likafika pakati adzagogode, ana aone kuti pulosesa yogontha siyankha munthu. A Mbewewo anali katswiri wotengera mawu a anthu. Mu sitafu ankatiseketsa polankhula ngati ahedi, ngati abusa, ngakhale ngati amayi ogulitsa mandasi pageti.

Chitseko chathu chinalibe loko, tinkachitsamiritsa ndi desiki chifukwa cha mphepo, ndipo mazenera anali a njerwa zobowola, m'mwamba. Kunja kukuwaza mvula, ndinalemba pabolodi kuti mbendera ili m'mwamba, monga kenelo imasungira mmene zinalili, n'kulamula Tiyamike kuti aitsitse. Aliyense anawerama n'kuyamba samu imene ndinawapatsa.

Posakhalitsa, go go go. Mumtima ndinati a Mbewe ndi munthu wosunga pangano.

"Mwamva kanthu?" ndinafunsa.

"Ayi, sala," kalasi yonse inayankha.

Kugogoda kunabweranso, kenako mawu achizimayi, aulemu bwino: "Odi muno. Kodi aphunzitsi alimo?"

Ana anaseka, ine ndinaseka kuposa onse. Ndinakweza mawu kuti wakunjayo amve bwino. "Agogode mpaka zala zitupe. Kaya ndi mfumu, kaya ndi nduna, pulosesa ilibe naye ntchito."

Tiyamike anandiyang'ana mwamantha. "Sala, mawu amenewo si a a Mbewe."

"Iwe gwira mbendera. A Mbewe suwadziwa eti?"

Chitseko chinakankhidwa pang'ono, desiki n'kukhuluka. Ine, munthu wamkulu, wa tayi pakhosi, ndinapita kukakhala padesikipo (izi anzanga akamafotokoza amati ndinapindanso mwendo, koma limenelo ndi bodza). Mawu aja anati, "Ndachokera kutali, bambo, ndipo ndikunyowa." Ndinayankha kuti, "Mayi, bwererani komwe mwachokerako, mudzabwere mbendera ikadzakwera." Ana anagubuduka ndi phwete. Ineyo phunziro linandikomera, ndinangopitiriza kufotokoza za timbendera tina tija, za kukweza mbendera n'kuiwaliratu.

Belu litalira ndinachotsa desiki kuti ndikathokoze a Mbewe. Pakhonde panali mayi wina atakhala pabenchi, nsapato zili matope okhaokha, wigi itamatirira pachipumi, faelo ya koleji yathu ili pamiyendo. Anali mkulu wa gawo la makompyuta ku koleji, amene tonse tinkamuopa. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna a Mbewe, ngati kuti akanathandiza kanthu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anaiwala za panganolo, anali kumunda wa sukulu kukaona mtedza.

Ndinagwada, ana anga onse akuona. "Pepani, madamu, ndimayesa ndi a Mbewe."

"A Mbewe ndiye mumawanena chonchi?" anafunsa mofatsa, kufatsa koopsa kuja. "Dzukani. Phunziro lanu ndalimva lonse ndili panja pano. Za timbendera mwafotokoza zoona. Koma tandiuzani, kenelo imatsitsa mbendera imeneyo kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Kanthawi kochepetsetsa, madamu. Kosakwana n'kuphethira komwe."

"Inu mwaitsitsa mphindi makumi awiri ndi zisanu. Kompyuta ikatero timati yafa, timaizimitsa n'kuyambiranso." Anatseka faelo ija, n'kukodola wa njinga yamoto amene ankawadikira pansi pa mtengo wa mango.

Ndinangowayang'ana akupita. Ndinkaganiza kuti mwina akungondiopseza, adzabweranso sabata yamawa. Sanabwere. Kalata ndiyo inabwera, yonena kuti woyesa sanathe kulowa m'kalasi, choncho ndiyambirenso teremu ina pasukulu yomweyo.

Chovuta kwambiri chinali kukafotokoza kumudzi. Ndinayesa kuyambira pa pulosesa, ndifike pa kenelo, koma mayi anandidula ndisanafike n'komwe pa mbendera.

"Ine za makinazo sindizidziwa," anatero. "Mlendo anaodira?"

"Anaodira."

"Iwe unamva?"

"Ndinamva, amayi."

Kenako mayi anati Lamlungu ndipite nawo kutchalitchi, ndikawauze ndekha amayi anzawo aja. Ndinapita. Ndipo kunena zoona, phunziro lija ndimaliphunzitsabe chaka chilichonse, chifukwa ana amalimva bwino zedi. Kungoti chitseko chimakhala chotsegula, kugwe mvula kaya mphepo.