Chikhoti cha a Nester Chikudikirabe Ndege

Pakhonde pa Sitolo ya a Asumani,
Namadzi,
Chiradzulu.
Juni, 1987.

Kwa Bwana Wapampando,
Komiti Yosankha Anamwino Opita ku Maphunziro Apamwamba,
Kulikulu.

Olemekezeka Bwana,

Ndavula chipewa, ndagwada, ndipo ndikupempha kuti musakwiye poona kalata yochokera kwa munthu wamba ngati ine. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo ntchito yanga ndi yoponda makina osokera pakhonde pano pa Namadzi. Ndikanabwera ndekha ku ofesi kwanuko, koma amene anafikako akuti mlonda wa pageti amayamba wayang'ana nsapato za munthu asanamufunse dzina. Ndiye ndati mawu angawa adzere m'nyuzipepala, yomwe ndamva kuti imafika patebulo panu m'mawa uliwonse popanda woifunsa za nsapato.

Dzina langa simungalidziwe. La mayi a kunyumba kwanga mukulidziwa bwino, chifukwa mwakhala mukulilemba ndi kulifufuta. Ndi a Nester Goliati, namwino komanso mzamba pa kachipatala kena ka kuno kwa Likoswe. Inuyo munawasankha kuti apite ku Mangalande, akachite maphunziro a chaka chimodzi oti pobwera azidzaphunzitsa azamba anzawo. Munawasankha mu 1981. Pamene ndikulemba pano ali kukachipatala komweko, akuyeza amayi oyembekezera. Lamulo lanu limati wopita ku maphunzirowa asakhale atakwanitsa zaka makumi anayi, ndipo iwowa akwanitsa mu Febuluwale akubwerayu. Sukuluyo imatsegulira mu Seputembala. Ngakhale telala atha kuona kuti Seputembala wa chaka chino ndi womaliza kwa iwo.

Koma sindinalembe kuti ndidandaule, ayi. Ndine yani ine? Ndalemba kuti ndithokoze, ndipo zothokozazo ndaziika mwandondomeko kuti musatope poziwerenga.

Choyamba, zikomo chifukwa cha phwando. Uthenga woti a Nester asankhidwa utafika, amayi a Mvano anakonza mwambo wotsanzikana. Wotsogolera anali a Nabanda, mayi wachikulire amene khutu limodzi linapuma pa ntchito koma pakamwa mphamvu zikadalipo. Kunali thobwa, kunali kalongonda, kunali nkhuku zomanga miyendo zoti a nesi akadye paulendo, ngati kuti m'ndege amaloleza nkhuku. A Nabanda anawalangiza pagulu kuti asakabwere akuyankhulira m'mphuno, ndiponso kuti akafika akawafunse Azunguwo chifukwa chake jakisoni wawo amawawa chonchija. Ine ndinakwera basi kupita ku Limbe kukagula chikhoti chaubweya, cholemera ngati bulangete lonyowa, popeza tinamva kuti kumeneko madzi amaundana m'mipopi. Ndinasokanso diresi la paulendo, labuluu, lofika kumunsi kwa maondo monga lamulo likunenera, ndipo m'misoko ndinasiyamo nsalu yambiri poganiza kuti batala wa kumeneko akawanenepetsa. Phwando ngati lija sitikanaliona popanda inu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha lamulo lanu lanzeru loti namwino asachoke pamalo pake mpaka atabwera wolowa m'malo. Ili ndiye palibe angalitsutse. Mwana akafuna kubadwa sangadikire mzamba amene ali ku Mangalande. Tinamudikira wolowa m'maloyo sutikesi ili pakhomo. Ogasiti anadutsa, Seputembala anadutsa, ndege inapita. Mu Okutobala ndi pamene galimoto inatsitsa mtsikana waulemu dzina lake Idesi, ndi katundu wake, kuti wabwera kudzamasula a Nester. Titafunsa, tinauzidwa kuti ku ofesi kwanu anthu amatumizidwa kumalo atsopano mu Okutobala basi, ndipo zakhala choncho kuyambira kale. Kuno kumudzi Okutobala amabwera Seputembala atatha. Sindikudziwa m'mene miyezi imatsatirana kulikuluko, ndipo sindikufuna kulowerera za eni. Anatiuza kuti tisataye mtima, malo asungidwa, chaka chamawa si kutali. Nkhuku zija tinali titadya kale, ndiye zobweza panalibe. A Nester anangokankhira sutikesi pansi pa bedi n'kuyamba kumuonetsa Idesi ntchito.

Chachitatu ndicho ndimachigomera kwambiri. Muli ndi lamulo lina loti posankha, mwayi uyambe wapita kwa achinyamata amene agwirapo ntchito kumudzi kwa chaka, kuti anzawo aone kuti kumudzi kuli phindu. Malo amakhala amodzi okha pachaka. Pofika nthawi yosankhanso, Idesi anali wachinyamata, ndipo miyezi yake ya kumudzi mutaiwerenga mwachifundo inakwana chaka. Womulowa m'malo simunavutike kumufunafuna, popeza a Nester analipo kale. Idesi anakwera ndege. A Nester anatsala okha, ndiye malinga ndi lamulo lija la wolowa m'malo sakanachoka. Ine ndasoka zovala zaka zambiri, koma msoko wogwira chonchi, woti mbali zonse palibe pothawira, sindinauonepo.

Mu 1984 munawasankhanso. Amayi a Mvano anatsanzikananso nawo, kungoti ulendo uno anabweretsa mazira m'malo mwa nkhuku. Mu Okutobala kunabwera mtsikana wina, Easter. Zotsatira zake sindikufotokozerani, mukuzidziwa kuposa ine, munasaina ndinu. Ndingothokoza kuti mwa njira imeneyi mwandipezera makasitomala. Madiresi a paulendo a Idesi ndi Easter ndinasoka ndine, ndipo onse awiri anatitumizira zithunzi ataima pa chipale chofewa, zomwe tinazikhoma pabalaza kuti nafenso tizionako Mangalande. Ana amenewa ndilibe nawo chifukwa. Idesi masiku ano amaphunzitsa azamba, ndipo akamadutsa kuno pa galimoto amatsika, kugwada, n'kupereka moni kwa a Nester maso ali pansi ngati anaba kanthu. Sanabe kanthu mwanayo, anachita kupatsidwa, ndipo a Nester amamulandira bwino ndi kumuphikira tiyi.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha ulemu umene mwatipatsa pamsika. Munthu woti anthu anatsanzikana naye kawiri, ambiri amakhulupirira kuti anapitadi. Pa Namadzi pano alipo amene amawafunsa a Nester kuti anabwera liti, ndi kuti kumeneko chimanga chimabereka bwanji. Bambo wina wogulitsa usipa amachita kulumbira kuti Chizungu chawo chinasintha chibwerereni. Poyamba a Nester ankafotokoza. Kenaka anayamba kungomwetulira. Tsopano kumsika amatuma ine, moti ndaphunzira kusankha tomato.

Nacho chikhoti simunachilakwire. Chiperoni chikagwa, ndipo mukanaona m'mene chimagwera kunsi kwa phiri la Chiradzulu kuno, a Nester amapita nacho kuntchito n'kumafunditsa mayi amene wangochira kumene akunjenjemera. Ana ambiri a kwa Likoswe fungo loyamba kulimva pa dziko lino ndi la mankhwala a njenjete a m'chikhoti chimenechi. Diresi labuluu lija ndinaliphwasula n'kulikulitsa m'chiuno mu 1984, ndalikulitsanso chaka chino. Batala wa ku Mangalande sanafunikire, zaka zokha zagwira ntchitoyo. Nsalu ya m'misoko ija yatha, Bwana, palibenso pokulitsa.

Chachisanu, ndisaiwale njira zina zimene munatitsegulira. Titaona kuti Mangalande watalika, tinafunsa za maphunziro a ku Nairobi a zaumoyo wa m'midzi, a miyezi isanu ndi umodzi yokha. Munayankha mwaulemu kuti nawonso amafuna wolowa m'malo. Tinafunsa za maphunziro odzera pa positi, oti munthu azilemba ali kunyumba. Munati atha kuchita ngati akufuna, koma satifiketi yake komiti siiwerengera, chifukwa wophunzirayo sanachite kutumizidwa ndi komiti. Pomaliza munawaitana ku Blantyre ku msonkhano wa sabata imodzi wokambirana za ubwino wopitiriza maphunziro. Anabwerako ndi pepala lokongola lotsimikiza kuti analipo, ndipo tinalikhoma pafupi ndi zithunzi zija.

Chachisanu ndi chimodzi, ndinu amene mwandiphunzitsa uzamba. A Nester sanasiye kukonzekera. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi amatulutsa mabuku awo akale, amandikhazika pansi pa mtengo wa mango, n'kuyamba kundiphunzitsa ngati ndine kalasi yonse, akuti lilime lizolowere. Poyamba ankakhazikanso mwana wathu Phoebe, koma iye anakula, akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chino, ndipo akuti ntchito iliyonse adzagwira kupatula unamwino. Ndiye ndatsala ndekha. Panopa m'boma lonse la Chiradzulu mulibe telala wina wodziwa zoyenera kuchita mwana akatsogoza miyendo. Ndikalakwa yankho amandiuza ndibwereze, ndipo ndimabwereza ndikuseka. Koma ndinene zoona, zimandiwawa. Ndimaona munthu amene anabadwira kuphunzitsa akuthera luso lake pa mwamuna wa mutu wouma, pansi pa mango, nkhuku zikumvetsera. Sanakupempheni nyumba kapena galimoto. Akungofuna chaka chimodzi cha sukulu chimene inu nomwe munawalonjeza.

Tsopano ndifike pa chimene chandigwiritsa cholembera. Chaka chatha munawasankha kachitatu. A Nabanda anati phwando lidzachitika akadzaona tikiti ndi maso awo. Mu Okutobala, mosaphonya, kunabwera Falesi, mwana wofatsa wa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo munatiuzanso kuti malo asungidwa mpaka Seputembala akubwerayu. Ife, posamva, tinakhulupiriranso.

Lachiwiri lapitali Falesi anafika pakhonde panga nsalu yatsopano ataipinda kukhwapa. Anapereka moni, anayamikira makina anga, anayang'ana mabasi opita ku Zomba, nsaluyo osaitula. Ine ndayeza anthu ambiri, ndipo nsalu ya ukwati ndi nsalu ya paulendo ndimazisiyanitsa mwini wake asanayankhule. Nditamufunsa, misozi inatsogola mawu. Anati kalata yanu yamupeza, mukumufuna kulikulu kuti akajambulitse chithunzi cha pasipoti. Anati iye sanapemphe, koma kukana akuopa, chifukwa wokana mwayi wochokera kwa akuluakulu amatchedwa wamwano ndipo sapatsidwanso wina. Iye anali asanawauze a Nester, ankasowa poyambira.

Ndinawauza ndine madzulo ake, akusenda nandolo pakhonde. Ndinkayembekeza kuti akalipa kapena alira. Anapitiriza kusenda mpaka mbale inadzaza, kenaka anati:

"Musokereni bwino mwanayo, bambo a Phoebe. Chikhoti chijanso muchepetse manja, mumupatse. Kumeneko akuti kumazizira."

Bwana, chikwatiraneni sindinawakanirepo a Nester chinthu. Ichi chokha ndakana. Nsalu ya Falesi ili m'kabati, sindinaidule. Chikhoti chili pa msomali, manja ake ali momwe analili. Sizasi yanga ikudikira inu.

Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wa pakhonde. Falesi ndi mwana, Seputembala adzamupeza kambirimbiri. A Nester atsala ndi mmodzi yekha. Wolowa m'malo ali kale pamalo ndipo ntchito waizolowera, moti ulendo uno ngakhale Okutobala palibe chomunamizira. Ndagwira mwendo wanu, sinthani dzina pa kalatayo. Inki yake ndi yochepa, ndipo ngati ku ofesi yatha ndiuzeni nditumize pa basi.

Koma ngati nzeru zanu zakuya, zimene ife sitingazifikire, zaona kuti zinthu zikhale momwe zilili, sinditsutsa. Ndidzadula nsaluyo, ndidzachepetsa manja a chikhoti, Falesi adzapita atatchena. Ndingopempha kuti pa tsiku lotsanzikana naye mudzabwere nokha kwa Likoswe, mudzapereke chikhoticho ndi manja anu, ndipo mudzawafotokozere amayi a Mvano m'mene malamulo anu amagwirira ntchito, chifukwa ine ndayesa ndalephera. Mudzayankhule mokweza, ndipo musadzadabwe a Nabanda akadzati mubwereze. Thobwa tidzakonza, mpando wabwino tidzabwereka kwa a hedimasitala.

Ngati ntchito zakuchulukirani, musadzivute ndi kufulumira. Mubwere mu Okutobala monga mwa chizolowezi chanu, kapena chaka china chilichonse chimene mungapeze mpata. A Nester mudzawapeza. Sapita kulikonse.

Ndine wanu wodzichepetsa, wosayenera ngakhale kusokerera batani pa malaya anu,

Overtone Goliati,
Telala, ndiponso wophunzira yekhayo wa a Nester Goliati.