Ukwati wa Mlamu Ndinaujambula Ndili pa Chulu

Anthu a ku Nathenje mpaka lero amanditchula mkamwini waulemu, ndipo sindinawatsutsepo. Koma inu ndikuuzani chilungamo: ulemu umenewo sindinaukonzekere. Unachokera pa kamphete ka pulasitiki kamene ndinaumba ndekha, n'kukaononganso ndekha.

Ine ndimajambula zithunzi pa Mitundu, za ziphaso, za maukwati, za ana omaliza sukulu. Imeneyo ndi ntchito yodyetsa ana. Yapamtima ndi kujambula zakumwamba, makamaka mwezi (akazi anga, amake Chisomo, amati ndikanamawayang'ana mmene ndimayang'anira mwezi bwenzi atanenepa). Vuto linali loti lenzi ya kamera yanga inkaonetsa mwezi ngati kanjere ka nandolo. Tsiku lina mumsika ku Lilongwe ndinapeza lenzi yakale, yaitali ngati mkono, yokoka zinthu zakutali. Ndinafika nayo kunyumba ndikuimba mluzu, koma pa kamera inakana kulowa. Kumbuyo kwake kuli mazinga ngati a bawuti, pamene kamwa ya kamera yanga ndi yamtundu wina. Pankafunika mphete yolumikizira ziwirizi, ndipo m'masitolo onse amene ndinafunsa anangondipukusira mutu.

Mwayi wake msuweni wanga wa ku Joni anali atanditumizira pulinta yosungunula ulusi wa pulasitiki n'kumaumba chinthu pang'onopang'ono, mzere pamwamba pa mzere. Ndinayeza mazinga a lenzi ija, ndinajambula mpheteyo pa kompyuta, ndipo ndinayamba kuumba. Yoyamba inatuluka yokhwepa. Ina magetsi anathima ili pakati, inatsala yodukiza. Ina mazinga ake anatuluka onyenyeka, osagwira kanthu. Amake Chisomo anatola zolephereka zonsezo n'kumapachikira makatani.

Yabwino inatuluka Lachisanu m'mawa, ukwati wa mlamu wanga Tadala, mng'ono wa akazi anga, uli mawa lake ku Nathenje. Ndinaiyesa pa kamera, inalowa myaa. Ndinamanga lenzi, mazinga anagwirana ngati zinabadwira limodzi. Kunena zoona ndinadzimva. Munthu wa pa Mitundu, m'chipinda chosungiramo chimanga, kuumba chinthu chimene mzinda wonse wa Lilongwe unalibe! Ndinaitana ngakhale mnzanga wokonza njinga kuti adzaone, ndipo anaitembenuza uku ndi uku nati mazinga otere iye sanawaonepo.

Apa ndi pamene nzeru zinandichulukira. Mpheteyo ndinkaiona yopepuka, yanthete. Tsono kwathu kuno chinthu chikangopangidwa chimayanikidwa kuti chikhwime: njerwa, mphale, mpando wopaka vanishi, zonse timazipereka kwa dzuwa. Ine osaganiza kawiri ndinaiika pamalata a khitchini, mwezi wa Okutobala, ndi kupita kushopu kwanga kojambulira. Msuweni sanandiuze kuti pulasitiki ameneyu amalefuka ndi kutentha (kapena anandiuza, koma nthawiyo n'kuti ndili kalikiliki kusirira pulinta).

Madzulo dzuwa litangolowa, mwezi wathunthu unayamba kutuluka kuseri kwa mabulugamu. Ndinakatenga mphete ija ndipo ndinaona kuti yapindika pang'ono. Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinayang'ana mwezi, ndinayang'ana mphete, ndinaluma mano n'kupotokola ndi mphamvu mpaka inalowa.

Koma abale, zimene ndinaona! Mwezi unadzaza chithunzi chonse. Maenje ake, zigwa zake, timizere toyera tochokera pa dzenje limodzi lalikulu, zonse poyera. Anansi anandandalika kudzasuzumira. Mayi wina wogulitsa tomato anafunsa ngati kumeneko kumagwa mvula. Ngakhale amake Chisomo anayang'ana nthawi yaitali osanena chipongwe chilichonse, zimene sizichitikachitika. Mtima wanga unasefukira ndi chimwemwe, ndipo za tsiku limenelo sindidzachita nazo manyazi.

Manyazi anayamba anthu atabalalika. Lenzi yaitali inamasuka bwinobwino, koma mphete inakanirira pa kamera. Ndinakulunga mphira ya chubu n'kupotokola, osatheka. Ndinayesa nsalu yonyowa, osatheka. Kuidula ndi sowo ndinkaopa, chifukwa fumbi lake likanagwera m'kati n'kupha kamera yonse. Tanthauzo lake linali limodzi: lenzi yanga ya masiku onse sikanalowanso, ndipo kamera yokhayo imene ndili nayo inali yokonzeka kujambula mwezi basi.

“Bambo a Chisomo,” anatero akazi anga motsitsa mawu, “Tadala wauza anthu onse kuti asavutike ndi mafoni, alamu ake ali ndi kamera yeniyeni. Mwanayu akwatiwa kamodzi.”

Ndinawayankha kuti zonse zili m'manja.

M'mawa tinakwera njinga zamoto kupita ku Nathenje, lenzi nditaikulunga m'chitenje. M'tchalitchi ndinaima malo anga a nthawi zonse, kutsogolo, ndi kuloza kamera kwa akwati. Ndinaona khutu la mkwati, khutu lokha, lodzaza chithunzi chonse. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinapeza khutu ndi tsaya. Ndinabwererabe mpaka pakhomo, kenako pabwalo, mpaka ndinakatsamira mtengo wa mango. Malumbiro onse ndinawajambulira kumeneko kudzera pakhomo, ndikupempha anthu ochedwa kuti azilowa chowerama.

Madyerero anali pakhomo pa apongozi. Bwalo lake ndi laling'ono, choncho ndinayenda chambuyo kudutsa khola la mbuzi ndi chigafa cha fodya mpaka ndinakapeza chulu m'mphepete mwa munda. Ndinakwera pamenepo, suti ili m'thupi, dzuwa likuswa mtengo. Woyendetsa mwambo atafuula pa chimkuzamawu kuti wojambula abwere kutsogolo, ndinamubayibitsa ndili pachulu. Zoti akwati atembenuke kapena amwetulire ndinkauza amake Chisomo pa foni, iwo n'kumakanena, nkhope ili gwa.

Chimene sindinadziwe n'choti apongozi anga aakazi anali atakhala kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi akwati. Amayi akuluakulu ataona mkamwini ali patali choncho anayamba kugwedeza mitu. Anati masiku ano akamwini amakhala mkeka umodzi ndi apongozi, ena mpaka kuwagwira paphewa pojambulitsa, koma uyu yekha ndiye analangidwa. Ananditumizira mpunga ndi chiwindi cha mbuzi kuchulu komweko. Mayi wina anachita kubwera yekha kudzandiuza kuti makolo anga anagwira ntchito. Ndinawomba m'manja mwaulemu ndi kulandira (mukanakhala inu mukanakana?).

Chithunzi cha banja lonse ndicho chinandivuta. Anthu anandandalika bwino, koma ine ndinkakwanitsa mitu itatuitatu. Ndinawajambula zidutswazidutswa, kuyambira kwa ankhoswe mpaka kwa ana, iwo akumwetulira limodzi poganiza kuti ali m'chithunzi chimodzi.

Mphete ndinaidula Lolemba modekha, kamera nditaizondotsa, ndipo kamerayo inapulumuka. Sabata yotsatira Tadala anabwera ku Mitundu kudzaona zithunzi. Ndinamupatsa mpando wabwino, ndinamugulira chakumwa chozizira, ndinatsegula kompyuta. Anaona maso ake, mphete ya ukwati ikulowa pachala, mano a mwamuna wake, duwa la m'tsitsi. Zinali zoyera bwino, izi ndinene. Koma anapitirira mpaka kumapeto n'kubwereranso.

“Alamu, diresi langa lili kuti?”

Diresi limenelo anasoka yekha, miyezi yambiri, ndipo panalibe chithunzi ngakhale chimodzi cholionetsa lonse. Ndinamufotokozera zonse, za malata ndi za mwezi. Sanaseke. Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo ine ndinamva chisoni chenicheni.

Akufuna kunyamuka, anaona chithunzi china chimene ndinachiika padera poopa kuchionetsa. Apongozi anga aamuna ndi munthu wouma mtima. Matalala ataononga fodya wawo chaka china anangoti tidzalimanso, ndipo pa ukwatiwo anakhala ngati ali pa msonkhano wa feteleza. Koma nthawi imene Tadala ankaperekezedwa kwa mwamuna wake, iwo anazemba n'kukaima kuseri kwa nkhokwe, kumene ankaganiza kuti palibe akuwaona. Kuchulu kunkaoneka bwino. Anali atagwira chipewa pankhope, mapewa atagwa, misozi ikutsika mpaka m'ndevu.

Tadala anachiyang'ana nthawi yaitali. Anati moyo wake wonse ankaganiza kuti bambo ake akadzamuona akuchoka adzangowerenga mbuzi zawo n'kulowa m'nyumba. Kenako anandiuza kuti ndimutsukire chimenecho, chachikulu.

Za diresi sanandikhululukire, ndipo sindimudandaula. Phunziro ndinatolapo ndi lochepa: mphete zanga tsopano zimakhala m'kabati, koma ndimaziyesabe tsiku lolakwika, mawa lake kuli ntchito. Chithunzi chija chili pabalaza kwa Tadala. Ndinamva kuti apongozi aamuna aja atapita kukacheza anaima patsogolo pake, manja kumbuyo. Atatembenuka anati tsiku limenelo kunali fumbi lambiri. Tadala anavomera kuti kunalidi fumbi, ndipo anawafunsa ngati achichotse pakhomapo.

Iwo anati chisiyeni.