Mimba imene ndinabisira adona a ku Morningside

Ndikulumbira pali malemu bambo anga amene anagona kumanda a ku Sakubva osaonanso kwawo ku Dedza, zimene ndikuuzenizi ndi zoona kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ndikanama mphezi ing'ambe denga lino.

Chinali chaka chachiwiri mbendera itasintha m'dziko lino la olankhula Chishona. Anthu ankavina mumsewu kuti dziko labwerera kwa eni ake, ine ndikukolopabe m'nyumba ya mzungu wina kumayadi ku Morningside, mayi wouma ngati chikuni amene tinkangomuti adona. Chimene chinkandisunga pamenepo si chikondi ayi, kanali kachipinda ka kuseri kwa galaja. Amuna anga a Jailosi ankagubuduza migolo ya mafuta ku Feruka, ndipo ankagona kukomboni ku Sakubva m'chipinda chimodzi ndi amuna ena asanu, nsapato zawo zonse momwemo. Ntchito itati ithe, ine ndikanakagona kuti? Tsono lamulo la adona linali lodziwika: wantchito akatenga mimba, anyamuke. Amene ndinamulowa m'malo anachoka choncho.

Ndiye ine ndinaima.

Miyezi itatu yoyamba ndinkasanzira kuseri kwa maluwa, n'kumati ndi malungo. Azakhali anga, ogulitsa tomato pamsika wa Sakubva, anandilimbitsa mtima kuti mwezi wachinayi ukakwana kusanza kumatha, thupi limapepuka, komanso kwathu mimba yoyamba mwini wake sailengeza mpaka anamkungwi atamulanga. Ine n'kuti basi, mwambo uli kumbali yanga, ndingotseka pakamwa. Nzeru zake zimenezo!

Kusanza kunathadi. Koma palibe anandiuza kuti m'malo mwake mumabwera njala ya fisi. Chakudya changa chinali tiyi ndi tizidutswa tiwiri ta buledi, pamene galu wa adona, Buruno, ankadya nyama ya mafupa tsiku lililonse, wophika wake ine. Munthu uli awiri, ukutakasa mphika wa galu, fungo likulowa m'mphuno, ungatani? Ndinayamba ndi kulawa mchere, mchere umene sindinathiremo n'komwe. Patatha milungu itatu nthiti za Buruno zinayamba kuwerengeka, adona n'kuthamanga naye kwa dokotala wa agalu, n'kubwerako ndi lamulo lakuti nyama yake iwonjezeredwe. Ndinanenepa bwino mwezi umenewo.

Kenako kunabwera chilakolako cha dothi. Amayi anzanga mukuchidziwa, mvula ikangowaza fungo lake malovu amadzadza m'kamwa. Chulu ku Morningside simungachipeze, azungu anathira mankhwala paliponse, koma pakhoma la galaja panali tinyumba ta mavu ta dothi lofiira, losalala. Ndinkathyola kamodzi patsiku ngati bisiketi. Tsiku lina ndinaluma kanyumba mwini wake ali momwemo. Mlomo unatupa mpaka kugunda mphuno, ndipo adona atafunsa ndinati ndi dzino. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Mwezi wachisanu mimba inatulukira poyera, yunifolomu n'kuyamba kukana. Ndinkamanga chitenje m'kati, pamwamba pake lamba wa a Jailosi, n'kumayenda chowerama ngati ndataya singano. Azakhali atandigwira m'chiuno tsiku lina anandikalipira pamsika pomwepo, anthu akumva.

"Iwe Esinati, ukufuna mwana abadwe mchombo utamukulunga pakhosi? Wapakati samanga lamba. Masula pompano."

Ndinamasula iwo akuona, n'kukamanganso nditangokhota ngodya.

Tsoka linandipeza Lachinayi masana. Adona anaitana anzawo anayi kudzamwa tiyi pakhonde, m'makapu a maluwa aja amene ankatuluka pa Khirisimasi pokha. Ine chilungulira chikundiotcha pakhosi, msana ukuwawa, lamba wandifinya moti ndikupumira m'mwamba. Ndinanyamula thireyi n'kuitsamiritsa pamimba kuti ibise. Ndafika pakati pawo, ndawerama, mwana uja amene masiku onsewa ankangogwedezeka pang'onopang'ono ngati kansomba anasankha nthawi yomweyo kundiponda ndi chidendene koyamba. Ndinadzidzimuka, ndinakoka mpweya, lamba n'kuti phu! Mabatani a yunifolomu anauluka, limodzi n'kukamenya mkazi wa abusa padiso. Thireyi pansi, tiyi pamiyendo ya alendo, Buruno akunyambita mkaka, ine ndaima pamenepo mimba ili pamtunda, mzere wakuda uja wotsika pamchombo aliyense akuuona.

Ndinagwada m'zidutswa za makapu momwemo, n'kuyamba kulira kuti asandichotse, ndidzagwira ntchito mwana ali kumsana. Adona anapukuta siketi yawo, n'kundiyankha m'Chilapalapa chawo chija cholankhulira antchito, osakweza mawu.

"Esinati, ndinadziwa kalekale. Galu saonda wophika akunenepa. Nyumba ino ndagulitsa, Loweruka tikupita ku Joni. Ndikanavutikiranji kuphunzitsa mtsikana wina miyezi iwiri yokha?"

Tiyi uja anali wotsanzikana. Ndiye kuti ine ndinadzimanga ngati mtolo wa nkhuni, kupanikiza mwana wanga, kulumidwa ndi mavu, kulimbirana mafupa ndi galu, zonsezo kubisira munthu amene ankangodikira tsiku la ulendo wake.

Wogula nyumbayo anali komuredi wina wa m'boma latsopano. Ndinati mwina wakuda mnzanga andimvera chisoni andisiyire kachipinda kaja. Mkazi wake anangoyang'ana pamimba, n'kunena m'Chishona kuti abweretsa mwana wa mchemwali wake kuchokera kumudzi, mabhurandaya azipita kwawo. Ndilo dzina limene amatinyoza nalo ife a ku Malawi. Kwathu kwake kuti, ine wobadwira pa Sakubva pomwepa? Buruno anapita ku Joni atakhala pampando wakutsogolo. Ine ndinatsika wapansi, katundu pamutu, yunifolomu yopanda mabatani ili m'manja ngati mphatso, kukagona kuseri kwa kansalu kotchinga pakati pa nsapato za amuna asanu ndi mmodzi.

Mwana anabadwa bwinobwino, khosi lake lili gwa, ndipo mpaka lero amatsegula chitseko ndi mwendo. Mimba zinayi zotsatira ndinkazilengeza ndekha mwezi woyamba, ngakhale kwa kondakitala wa basi, ndipo lamba sindidzamanganso. Za diso la mkazi wa abusa zija ndangowonjezera, batanilo linagwera mu shuga. Koma likanamumenya ndikanapezako kanga.